Kalata yochokera ku Germantown: msewu wa pamwamba pa phiri ndi mabwinja ake

Okondedwa amayi, amalume, achimwene, achemwali ndi nonse kumudzi, osaiwala anzanga amene tikusakira limodzi kuno ku Amereka,

Mukaona zithunzi zimene timatumiza za mapiri ofiira masamba, ambiri mumafunsa kuti kumeneko n'kuti, nanga eni ake amakhala pati poti nyumba sizioneka. Funso lachiwirilo ndi limene landilembetsa kalata ino. Yankho lake ndi lalitali ndithu, choncho pezani mpando.

Malowo dzina lake ndi Shenandoah National Park, m'chigawo cha Virginia, ndipo msewu wake ndi Skyline Drive. Kuchokera kuno ku Germantown, ku Maryland, timalowa msewu wa 270, kenako wa 495, n'kukhotera wa 66 kulowera kumadzulo mpaka m'tauni ya Front Royal. Ndi ulendo wa ola limodzi ndi theka ngati magalimoto sanathithikane. Skyline Drive imayambira pomwepo n'kuyenda pamsana pa mapiri a Blue Ridge makilomita 169 mpaka ku Rockfish Gap, kufupi ndi Waynesboro. Mtunda umenewu ukuposa pang'ono theka la ulendo wa Blantyre mpaka Lilongwe. Liwiro lololedwa ndi mailosi 35 pa ola, ndiye ngakhale osaima paliponse pamatha maola atatu. Koma ndani angapite osaima? M'mbali mwa msewu muli malo oposa 60 oimikapo galimoto n'kumayang'ana chigwa kumunsi, monga timachitira pa Emperor's View ku Zomba.

Kutalika kwa mapiriwa kusakuopseni. Nsonga yaitali kuposa zonse m'pakimo ndi Hawksbill, mamita 1,235. Sapitwa wathu ndi mamita 3,002, ndipo mzinda wa Lilongwe womwe uli pamtunda woposa mamita 1,000. Chimene chimakoka anthu kuno ndi nkhalango, makamaka mu Okutobala pamene masamba amasanduka ofiira ndi achikasu asanayoyoke.

Tsono nkhalango imeneyi si yachikhalire ayi. Malo ambiri amene lero ndi thengo anali minda ndi midzi. Oyamba kuyenda m'mapiriwa anali eni dziko, mitundu monga Amonacan ndi Amanahoac. Kuyambira m'zaka za m'ma 1700 azungu anakwera m'makwawa a mapiriwa n'kumanga nyumba za mitengo. Ankalima chimanga, kubzala maapozi, kuweta nkhumba ndi ng'ombe, kugulitsa makungwa kwa ofufuta zikopa, ena n'kumatcheza kachasu wa chimanga ndi maapozi. Panali matchalitchi, masukulu, zigayo ndi manda. Mtengo umene ankaudalira kwambiri unali wa chestnut, umene unkapereka mtedza, matabwa ndi makungwa, koma matenda ochokera kunja anaupululutsa m'zaka za m'ma 1920, ndipo umphawi unakula.

Nthawi yomweyo akuluakulu a boma ku Washington ankadandaula kuti mapaki otchuka monga Yellowstone, imene inakhazikitsidwa mu 1872, anali kutali kumadzulo, pamene anthu ambiri ankakhala kum'mawa ndipo anali atayamba kugula magalimoto. Mu 1924 anatuma komiti kukafuna malo. Mkulu wina dzina lake George Freeman Pollock, mwini malo ogona alendo otchedwa Skyland pamwamba pa phiri, anakokera komitiyo kwawo mothandizana ndi amalonda a m'chigwa. Mu 1926 Nyumba ya Malamulo ya dziko lino inavomereza pakiyo, koma inati boma lalikulu silitulutsa ndalama yogulira malo. Virginia inayenera kupeza malowo yokha n'kuwapereka ngati mphatso. Bwanamkubwa wa nthawiyo, Harry F. Byrd, anaikonda nkhaniyi, ndipo anaika William Carson kuti aiyendetse. Poona kuti kukambirana mtengo ndi mwini munda aliyense kutenga zaka zambirimbiri, mu 1928 anakhazikitsa lamulo lolola boma kulanda malo onsewo pamodzi kudzera m'makhoti, n'kulipira mtengo umene oyesa malo anena.

Msewu unayamba paki isanatsegulidwe. Pulezidenti Herbert Hoover ankakonda kuwedza nsomba, ndipo mu 1929 anamanga kamsasa kake kopumulirako, Rapidan Camp, m'mapiri omwewa. Mu 1930 kunagwa chilala choopsa, pa nthawi imene chuma cha dziko chinali chitagwa kale. Ndalama zothandizira okhudzidwa ndi chilala ndi zimene zinayambitsa ntchito ya msewu mu Julaye 1931, kuti alimi amene mbewu zawo zinapserera apeze ganyu. Mu 1932 anaboola thanthwe la Marys Rock, ndipo mpaka lero galimoto imadutsa m'mimba mwa phirilo pafupifupi mamita 200. Chigawo chapakati cha msewu chinatsegulidwa mu 1934, ndipo wonse unatha mu 1939.

Pali gulu lina limene nkhani yake imandigwira mtima. Mu 1933 Pulezidenti Franklin D. Roosevelt anayambitsa Civilian Conservation Corps, mwachidule CCC, yolemba anyamata osowa ntchito. Misasa yawo inafika ku Skyland ndi ku Big Meadows chaka chomwecho. Msewu weniweniwo anapanga ndi makontilakitala, koma anyamatawa ndi amene anamanga mipanda ya miyala m'mbali mwake, malo oonerapo chigwa, tinjira ta oyenda pansi, ndi kubzala mitengo ndi zitsamba m'malo amene makasu anagumula. Malipiro awo anali madola 30 pamwezi, ndipo madola 25 ankatumizidwa kwa makolo awo, iwo n'kutsala ndi 5 basi. Amalume, kodi si za Wenela zimenezi, pamene gawo la malipiro a agogo athu a ku migodi ya ku Joni linkawadikira kumudzi? Nanga ife amene mwezi ukatha timathamangira kotumizira ndalama tisanalipire lendi, tikusiyana nawo pati? Gululi linatha mu 1942 nkhondo itavuta.

Tsopano tibwere ku funso lanu lija. Poyamba anthu ambiri a m'phiri ankakhulupirira kuti adzawasiya akhale. Koma mbiri yawo inali itayamba kale kuipitsidwa. Mu 1933 kunatuluka buku lotchedwa Hollow Folk, la Mandel Sherman ndi Thomas Henry, limene linawajambula ngati anthu otsalira, osadziwa kanthu za dziko. Manyuzipepala anatola zomwezo, ndipo anthu a m'tauni anayamba kuona ngati kuwachotsa n'kuwachitira chifundo. Mu Febuluwale 1934 mkulu woyang'anira mapaki m'dziko lino, Arno Cammerer, analengeza kuti boma lalikulu silidzalandira malowo anthu asanachoke. Kalembera wa chaka chomwecho anapeza mabanja 465 akukhalabe m'katimo.

Apa ndi pamene pepala linalekanitsa anthu. Amene anali ndi zikalata za umwini wa malo analandira chipukutamisozi, ngakhale ambiri anati n'chochepa. Koma oposa theka la mabanjawo analibe zikalata. Ena ankachita lendi, ena ankalima minda ya eni ake okhala kuchigwa, ena anangobadwira pomwepo pamene anabadwira makolo awo. Kwa otere malipiro a nthaka panalibe. Mlimi wina wa maapozi, Robert Via, anakasuma mpaka ku khoti lalikulu la dziko lonse, koma mu 1935 mlandu wake unagwa. Pa 26 Disembala 1935 paki inakhazikitsidwa, ndipo pa 3 Julaye 1936 Roosevelt anaitsegulira ku Big Meadows. Ena anasamuka okha, ena anawapititsa ku midzi yatsopano imene boma linamanga kuchigwa monga Ida Valley, kumene nyumba zinali za ngongole. Okana anawatulutsa ndi apolisi, ndipo nyumba zambiri zinagwetsedwa kapena kutenthedwa kuti eni ake asabwerere. Nthawi zina ogwira ntchito imeneyi anali anyamata a CCC omwe aja, amphawi kugwetsa nyumba za amphawi anzawo. Okalamba owerengeka anawalola kukhala mpaka imfa. Womaliza anali mayi Annie Shenk, amene anamwalira mu 1979.

Patapita zaka zambiri, m'ma 1990, katswiri wofukula zakale, Audrey Horning, anafufuza mabwinja a m'makwawa a Nicholson, Corbin ndi Weakley. Anapezamo zidole za ana zogula kusitolo, mabotolo a mankhwala, mbale zadothi za kufakitale ndi zina zoitanitsa kutali. Anthu amene ankanenedwa kuti sadziwa dziko aja ankagula ndi kugulitsa ngati wina aliyense.

Palinso mbali imene imakhudza ife akhungu lakuda. Pakiyi itatsegulidwa, Virginia inali ndi malamulo a tsankho. Anthu akuda anawapatulira malo awoawo ku Lewis Mountain, kumene kunali kochitira pikiniki, kogona ndi kodyera, ndipo panali chikwangwani chonena poyera kuti malowo ndi a anthu akuda. Tsankholi linatheratu m'pakimo mu 1950. Lewis Mountain ilipobe, ndipo aliyense amagonako. Ine ndikafikako ndi anzanga n'kutsegula kontena ya nsima ndi nkhuku, ndimakumbukira kuti malowa anawapatulira anthu ofanana nafe chifukwa cha tsankho.

Mwina mukuti izi ndi za azungu. Ayi ndithu, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Paki yathu yoyamba, ya Nyika, inakhazikitsidwa mu 1965, ndipo pamene ankaikulitsa mu 1978 midzi inasamutsidwa, anthu n'kusiya minda ndi manda a makolo awo. Ku Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, zinayenda mosiyana, poti midzi monga Chembe inatsala pomwe inali. Sindikunena kuti mapaki ndi oipa. Pakanapanda Shenandoah, bwenzi mapiri amenewa atadzaza nyumba za anthu olemera, ndipo munthu ngati ine sakanapondako. Agwape ndi zimbalangondo, zimene zinatsala pang'ono kutha, zinabwerera. Koma mtengo wa ubwino umenewu analipira ndi anthu ochepa amene sanafunsidwe.

Kwa anzanga a kuno amene simunapiteko, pitani, ndipo musangokhala m'galimoto. Pafupi ndi chipata cha Front Royal, moyang'anana ndi Dickey Ridge Visitor Center, pali kanjira ka Fox Hollow, kosavuta ngakhale kwa ana. Mudzaona milu ya miyala imene banja la a Fox linkachotsa m'munda polima, ndi manda awo pakati pa mitengo. Manda otere m'paki yonse alipo oposa 100. Amene miyendo ili bwino atsikire ku Nicholson Hollow akaone Corbin Cabin, imodzi mwa nyumba zochepa zimene zinapulumuka. Wofuna kuona chigwa chonse akwere Stony Man kuchokera ku Skyland, wofuna mathithi atsikire ku Dark Hollow Falls pafupi ndi Big Meadows, koma adziwe kuti pobwerera ndi chitunda chokhachokha. Old Rag ndi ya tsiku lathunthu, yokwawa m'miyala, si yopita ndi nsapato za kutchalitchi. Tengani madzi ndi juzi, chifukwa pamwamba pamazizira kuposa kuno, ndipo mukaona chimbalangondo musachiyandikire kapena kuchipatsa chakudya. Ku Big Meadows lowani mu Byrd Visitor Center, mmene muli zithunzi ndi mbiri ya osamutsidwawo. Kunja kwa paki, m'maboma amene anataya malo, zidzukulu zawo zinamanga zipilala zooneka ngati chumuni cha nyumba, n'kulembapo maina a mabanja, poti nyumba ikapsa chimene chimatsala chili chiimire ndi chumuni.

Kwa inu akumudzi, pempho langa ndi limodzi. Ambiri a ife kuno timagwira ntchito usiku ndi usana tili ndi maganizo akuti tsiku lina tidzabwerera pa malo a makolo. Anthu a ku Blue Ridge nawonso ankati malo ndi awo chifukwa aliyense ankadziwa kuti ndi awo. Chikalata sichinaletse kusamutsidwa, koma ndi chimene chinanena woti alipidwe ndi woti achoke chimanjamanja. Kwathu lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yolembetsera minda ya mabanja. Amalume, chonde khalani pansi ndi amayi ndi ena onse a pabanja, mukaonane ndi amfumu, mufunse za kalembetsedwe ka munda wa agogo ndi dimba lija, malire ake adziwike akuluakulu akadali moyo. Ndalama yoyendera ndidzatumiza pakutha pa mwezi.

Mupereke moni kwa ana onse ndi kwa anansi. Mundiuze mmene mvula yayambira ndiponso ngati feteleza wapezeka.

Ndatha ine wanu,
mwana wanu wa ku Germantown