Mbiri ya Mvula ku Tete

Makolo athu ankadziwa nyengo ya mvula. Mu Okutobala kunkagwa cizimalupsa. Mu Novembala ankadzala cimanga. Mvula inkapitirira mpaka mwezi wacitatu kapena wacinai, ndipo cimanga cinkakhwima bwino.

Njala inalipo ndi kale lomwe, koma masiku ano cilala cimabwera kawirikawiri. Mu 1992 cimanga cinauma m'minda, zitsime zinaphwa, ng'ombe zinafa. Cilala cinabweranso mu 2016 ndi mu 2024. Mu 2024 madzi anatsika kwambiri m'damu la Cahora Bassa, lomwe linatha kumangidwa mu 1974.

Zaka zina madzi amacuruka mopitirira. Mu 2019 namondwe Idai anaononga mzinda wa Beira. Mu 2022 namondwe Ana anadzaza mtsinje wa Revuboè, ndipo mlatho unagwa.

Kodi casintha n'ciani? Kwa zaka zoposa 150, mafakitale ndi magalimoto a maiko olemera akhala akutentha malasha ndi mafuta. Utsi wace umasunga kutentha mumlengalenga. Dziko likatentha, nthaka imauma msanga ndipo mitsinje imaphwa msanga. Mvula ikacedwa kuyamba n'kutha msanga, cimanga ca miyezi inai sicipeza masiku okwanira.

Makolo athu sankadalira cimanga cokha. Ankalimanso mapira ndi mawere, mbeu zopirira dzuwa. Ife tidzale mbeu zimenezi pamodzi ndi cimanga cokhwima msanga. Tisiye mitengo m'mbali mwa mitsinje. Tsopano tadziwa kulemba: tilembe tsiku limene mvula yayamba ndi tsiku limene yatha, kuti ana athu adzawerenge.