Dambo la Kafue ndi Madzi Ake

Kuyambira kale Aila ndi Atonga anadziwa kuti moyo wa dambo la Kafue uli m'madzi osefukira. Madziwo akaphwa, msipu unali kuphuka, ndipo ng'ombe zao zinali kudya pamodzi ndi nyama zochedwa lechwe.

Koma madamu awiri, la Kafue Gorge la 1971 ndi la Itezhi-Tezhi la 1977, anasintha nyengo ya madziwo. Citsamba caminga ca Mimosa cinalanda msipu wambiri, lechwe nacepa. M'caka ca 1991 damboli linalembedwa m'pangano la Ramsar losunga madambo.

Komatu pangano silizula minga, ndiponso silicotsa ukonde wa maso ang'ono m'madzi. Nchito imeneyi ndi ya mafumu, abusa ndi asodzi. Inu amene mwaphunzira, kambiranani nao mbiri iyi pabwalo.