Mphindi 11 Zokha: Momwe Kamera Idafikira M'manja mwa Anthu a mu Africa

Lero tikamba za kanema, ndipo funso lathu ndi ili: kodi chida chojambulira zithunzi zoyenda, chimene timachitcha kamera, chidayenda njira yotani kuti chichoke m'manja mwa atsamunda, nkufika m'manja mwa mnyamata wa ku Ndirande amene akujambula seŵero ndi anzake kuseri kwa msika? Ndi ulendo wa zaka pafupifupi 90, ndipo mumva kuti mbali yaikulu ya ulendowo ndi nkhani ya ndalama.

Inu achikulire mukuikumbukira galimoto ya kanema. Inkafika dzuŵa litapendeka pabwalo la sukulu kapena pakhoti la mfumu, anthu ake nkukunga chinsalu choyera, injini ya magetsi nkuyamba kulira. Mwambo umenewu ngwakale kuposa ufulu wathu. Pakati pa 1935 ndi 1937, Angerezi aŵiri, Major Leslie Notcutt ndi Geoffrey Latham, adamanga msasa pa Vugiri m'dziko la Tanganyika, najambula makanema 35 ndi ndalama za bungwe la Carnegie la ku America. Ntchitoyo adaitcha Bantu Educational Kinema Experiment. Adakweza makina ao pa lole, nayenda nawo ku Kenya, Uganda, Northern Rhodesia, mpaka kuno ku Nyasaland. Nkhani zake zidali za ubwino wa msonkho, za kusunga ndalama ku positi, za kukokoloka kwa nthaka ndi za njoka zam'mimba. M'chaka cha 1948 kudabadwa bungwe lina ku Salisbury, lotchedwa Central African Film Unit, ndipo lidagwira ntchito yonga yomweyo kufikira pamene chitaganya chidatha mu 1963. Makanema ake ambiri adali ndi msana umodzi: pali amuna aŵiri, wina amvera mlangizi wa boma nalemera, mnzake akana nasauka. Munthu wakuda adalimo ndithu m'makanemaŵa. Ankalima, ankadwala, ankaseketsa. Koma wosankha nkhani ndi woloza kumene kamera iyang'ane adali munthu wina.

Kumaiko olamulidwa ndi Afalansa zinthu zidafika pena. Mu 1934 nduna yoyang'anira maiko a atsamunda, Pierre Laval, idakhazikitsa lamulo lakuti palibe munthu wojambula kanema m'maikowo popanda chilolezo cha bwanamkubwa, ndipo bwanamkubwayo ayambe waona nkhani yonse. Nchifukwa chake mu 1955, pamene Paulin Soumanou Vieyra ndi anzake ophunzira ku Paris adafuna kujambula, adalephera kutero kwao. Adangojambula moyo wa anyamata achikuda mumzinda wa Paris momwemo, kanemayo nkumutcha Afrique-sur-Seine, kutanthauza Africa wa m'mbali mwa mtsinje wa Seine.

Ufulu utabwera, lamulo lija lidagwa, koma mtengo sudagwe. Apa ndiloleni ndifotokoze pang'ono momwe kanema ankajambulidwira, pakuti ana a masiku ano sadaonepo. M'kamera ankaikamo filimu, ndiye kuti lamba wautali wopakidwa mankhwala omva kuŵala. Pa sekondi iliyonse kamera inkadya zithunzi 24. Mpukutu wa mafiti 1,000 wa filimu yaikulu, ya mamilimita 35, unkatha m'mphindi 11 zokha, ndipo ukatha watha, sungajambulenso kaŵiri. Woseŵera akatsokomola pakati pa mau, ndalama zapita. Komanso filimuyo inkayenera kutsukidwa, monga ankatsukira zithunzi zathu zaukwati kale, ndipo m'maiko ambiri a kumwera kwa chipululu cha Sahara munalibe nyumba yotsukira. Mipukutu inkakwera ndege kupita ku Paris kapena ku London. Wojambula ankatha masabata osadziŵa ngati zimene adajambula zidatuluka bwino, kapena ngati dzuŵa lidazipsereza. Taganizani mlimi amene sangaone munda wake mpaka tsiku lokolola.

Munthu amene adalimbana ndi mtengo umenewu kuposa onse ndi Ousmane Sembène wa ku Senegal, wobadwa mu 1923. Adakhalapo mmisiri womanga nyumba, msilikali, kenaka wonyamula katundu padoko la Marseille. Adayamba ndi kulemba mabuku m'Chifalansa, koma adazindikira kuti anthu amene ankaŵalemba m'mabukumo sakadatha kuŵerenga ngakhale tsamba limodzi. Tsono ali pafupi kukwanitsa zaka 40 adapita ku Moscow kukaphunzira kamera. Atabwerako, mu 1963, adajambula Borom Sarret, kanema wa mphindi pafupifupi 20, wonena za woyendetsa ngolo ya kavalo mumzinda wa Dakar, amene adaloŵa ndi ngolo yake kudera la anthu olemera, apolisi nkumlanda. Mu 1966 adatulutsa La Noire de..., nkhani ya mtsikana wantchito wotengedwa ndi mabwana ake kupita ku France. Ofesi ya boma la France imene inkathandiza ojambula a mu Africa idakana kuikapo ndalama pa nkhani imeneyi, ndipo sitidabwa. Mu 1968 adajambula Mandabi m'chilankhulo cha Wolof. Sembène ankaona kanema ngati sukulu yamadzulo ya anthu ake.

Koma sukulu imafuna chipinda. Nyumba zoonetsera kanema m'maiko olankhula Chifalansa zidali m'manja mwa makampani aŵiri a Afalansa, COMACICO ndi SECMA, amene ankadzaza sabata yonse ndi makanema otsika mtengo a ku America, India ndi Europe. Kanema wa mwana wa m'dzikomo ankasoŵa tsiku. Apa mpamene padachokera zikondwerero za kanema. Choyamba chidachitika ku Carthage m'dziko la Tunisia mu 1966, ndipo mphotho yaikulu adalandira ndi Sembène. Mu 1969 anthu ochepa okonda kanema ku Ouagadougou, likulu la dziko limene linkatchedwa Upper Volta, tsopano Burkina Faso, adakonza sabata yoonetsa makanema a mu Africa. Wapampando wao adali mai Alimata Salembéré. Sabata imeneyo ndiyo idakula nkusanduka FESPACO. Chaka chotsatira boma la dzikolo lidalanda nyumba za kanema m'manja mwa makampani aja. Kuyambira 1972 chikondwererocho chidayamba kupereka mphotho ya kavalo wa Yennenga, mwana wamkazi wa mfumu amene Amossi amamuyesa kholo lao, ndipo woyamba kuilandira adali Oumarou Ganda wa ku Niger.

FESPACO ndi chinthu chonyaditsa, ndipo palibe wokana. Dziko losauka, lopanda nyanja, lidasanduka bwalo la ojambula a Africa yense. Komabe tiyenera kunena zoona: makanema ambiri olandira ulemu kumeneko ankaoneka sabata imodzi ku Ouagadougou, kenaka nkupita ku zikondwerero za ku Europe, osabwereranso. Wojambula ankatha zaka zisanu kapena khumi akupemphetsa ndalama za kanema mmodzi. Mlimi wa ku Casamance, amene Sembène ankamfuna, kaŵirikaŵiri ankangomva mbiri.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chimene chidasintha zonse chidatulukira kumsika wa ogulitsa mawailesi ndi matepi. Ku Nigeria, ndalama yao ya naira idagwa kuyambira 1986, boma litalandira ndondomeko zokonzanso chuma, ndipo filimu yogula kunja idakwera mtengo kotero kuti ngakhale magulu otchuka a zisudzo za Ayoruba sadathenso kuifika. Nyumba za kanema zidayamba kutsekedwa. Ena mwa azisudzowo adayesa kamera ya vidiyo, yomwe ija yojambulira maukwati ndi maliro. Ku Ghana, William Akuffo adachita chimodzimodzi mu 1987 ndi kanema wake Zinabu. Kenaka mu 1992 wamalonda wina wa ku Lagos, Kenneth Nnebue, adatulutsa Living in Bondage m'chilankhulo cha Igbo, wotsogolera kujambula ali Chris Obi Rapu. Ndi nkhani ya mwamuna amene adapereka mkazi wake nsembe kwa gulu la okhwima kuti alemere, mzimu wa mkaziyo nkumsautsa usana ndi usiku. Sadafune nyumba ya kanema, sadafune chilolezo cha ku Paris. Adakopera matepi a VHS nkuŵaika pa matebulo a ku Idumota ndi ku Onitsha, ndipo anthu adagula monga agulira chinangwa. Amalonda ena ataona phindu adatsatira. Dzina lakuti Nollywood lidabwera pambuyo, mu 2002, m'nyuzipepala ya New York Times. Bungwe la UNESCO litaŵerenga makanema a chaka cha 2006, lidapeza kuti India adatulutsa 1,091, Nigeria 872, ndipo makanema akuluakulu a ku America adali 485.

Ophunzira ambiri adanyoza. Ankati zithunzi nzosaoneka bwino, nkhani nzaufiti ndi chuma chokhachokha, ndipo kanema wojambulidwa m'sabata imodzi si kanema. Zina mwa izi nzoona. Ife a pa wailesi tinganeneponso chimodzi: mau adali oipa kwambiri, mphepo ikuuma m'maikolofoni, jenereta ikupikisana ndi woseŵera, pamene khutu la munthu silikhululuka msanga monga diso. Komabe mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Anthu adadziona okha pachinsalu: apongozi ovuta, m'busa wonyenga, mwana wopita kutauni nkuiŵala kwao. Ine ndikuona kuti amalonda a ku Idumota, amene sadaganizeko za sukulu yamadzulo, ndiwo adadzaza chipinda chimene Sembène adachilota, ngakhale kuti phunziro limene ankaphunzitsamo silidali limene iye akadasankha.

Tepi ya VHS idali ndi chilema chake: ukaikopera, chithunzi chimachepa mphamvu, ukakoperanso kuchokera pa yokoperayo, nkhope zimasanduka utsi. Chilemachi chidatha ndi makamera a dijito. Mu 1995 makampani a zamagetsi adagwirizana pa mtundu watsopano wotchedwa DV, ndipo Sony adatulutsa kamera ya DCR-VX1000. Katepi kake kadali kokulirapo pang'ono kuposa bokosi la machesi, koma kankajambula ola lathunthu. Chithunzi chinkasungidwa ngati manambala, kotero kuti chokopera chinkafanana ndendende ndi choyamba, ndipo munthu ankatha kudula ndi kulumikiza kanema wake pa kompyuta m'chipinda chogona. Mu 1998 kanema wa ku Denmark, Festen, wojambulidwa ndi kakamera kam'manja kotere, adalandira mphotho ku Cannes. Mu 2008 Canon adatulutsa EOS 5D Mark II, kamera ya zithunzi wamba imene inkajambulanso kanema wooneka pafupifupi ngati wa filimu. Mu 2012 kampani ya Kodak, imene idalemera zaka zoposa 100 pogulitsa filimu, idapita kukhoti kukapempha chitetezo chifukwa cha ngongole.

Chodabwitsa nchakuti khomo lomaliza kutseguka lidali la kwathu konkuno. FESPACO idasunga lamulo lakuti kanema wopikisana pa mphotho ya Yennenga abwere pa filimu ya mamilimita 35. Makanema a vidiyo ankaikidwa m'gulu lapadera, ngati ana odyera kukhitchini pamene alendo akudya m'nyumba. Wojambula ndi dijito ankayenera kulipira ndalama zambiri kunja kuti kanema wake asamutsidwire pa filimu. Mu 2013 makanema angapo amene adasankhidwa kale adachotsedwa pa mpikisano chifukwa cha lamulo limeneli, ndipo padabuka mkangano waukulu. Lamulolo lidasintha mu 2015, patapita zaka 23 chitulukire Living in Bondage.

Nanga kuno kwathu? Malaŵi adakhala wopanda wailesi yakanema yakeyake mpaka 1999, ndipo ambiri a ife tidadziŵa makanema a ku Nigeria m'tinyumba ta vidiyo pa misika yakumidzi. Ojambula athu adaloŵa m'bwalo nthaŵi ya dijito itafika kale. Shemu Joyah, amene ntchito yake ndi yoyeza malo, adatulutsa Seasons of a Life mu 2008, nkhani ya mtsikana wantchito wopatsidwa pathupi ndi bwana wake, amene pambuyo pake adaphunzira zamalamulo nkumenyera mwana wake kukhoti. Kanemayu adalandira ulemu ku chikondwerero cha ku Zanzibar, chimene chidayamba mu 1998, ndipo Tapiwa Gwaza, mmodzi mwa oseŵeramo, adalandira mphotho ku Nigeria mu 2010. Joyah adatsatiza The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017. Mai Joyce Mhango Chavula adapambana mu 2016 ndi kanema wao Lilongwe pa mphotho za Africa Magic, m'gulu la maiko a kumwera kwa Africa, ndipo The Road to Sunrise adapambana m'gulu lomwelo mu 2018. Koma tafunsani m'mudzi mwanu kuti ndi angati adaonapo makanemaŵa. Kamera idatsika mtengo, koma malo oonetsera ngochepabe, ndipo kanema akangotuluka, akuba amamkopera usiku umodzi, mwini wake osaonapo tambala.

Pali vuto lina limene sitilikamba kaŵirikaŵiri, la kusunga. Mwa makanema 35 aja a ku Vugiri, atatu okha ndiwo akudziŵika kuti adapulumuka, ndipo ali ku England. Ku Maputo, nyumba ya boma ya kanema, imene inkatulutsa nkhani za Kuxa Kanema, idapsa mu 1991. Ku Ouagadougou, madzi osefukira a pa 1 September 2009 adaloŵa m'nkhokwe ya makanema a mu Africa naononga mipukutu yambiri. Ina ikupulumutsidwa: La Noire de... adakonzedwanso mu 2015, ndipo mu 2017 bungwe la Martin Scorsese, pamodzi ndi UNESCO ndi mgwirizano wa ojambula a mu Africa wa FEPACI, adayamba ntchito yofufuza ndi kukonzanso makanema 50. Filimu yosungidwa pamalo ozizira ndi ouma imatha kukhala zaka 100. Tepi siitero. Imachita nkhungu, imamatana, ndipo ngakhale ikhale yabwino, imafuna makina oiŵerenga. Kampani yomaliza yopanga makina a VHS, Funai ya ku Japan, idaleka mu 2016. Matepi a zisudzo zoyamba za magulu athu, a magule a pa zikondwerero ndi a maukwati a m'ma 1990, ambiri ali m'masutukesi pansi pa bedi, m'nyumba zodontha, ndipo mvula ya chaka chino iŵapeza komweko.