Za M'kati mwa Mkanjo: Mbiri ya Chovala cha Tsiku Lomaliza Maphunziro

M'nkhani yathu ya mbiri lero tili m'chidikha cha fodya cha ku Kasungu, ndipo tikambirana funso limene limasoŵetsa tulo makolo ambiri mwana akamaliza maphunziro: kodi pa tsiku lolandira satifiketi kapena digiri avale chiyani? Funsoli lili ndi mbiri yaitali, pakuti si kale pamene mwini thupi anayamba kudzisankhira yekha.

Sukulu zisanafike, Acheŵa anali nawo kale mwambo wotulutsa ophunzira. Mtsikana akatha masiku ake a chinamwali, anali kutuluka pabwalo atametedwa, atadzola mafuta ndi kuvala mikanda, ndipo m'madera ena ankasenza chingondo pamutu. Wosankha zonsezi sanali namwaliyo ayi, koma anamkungwi ndi akuluakulu a mudzi. Chovalacho chinali kulengeza kwa anthu kuti uyu si mwananso.

Mkanjo wakuda umene tiuona lero unachokera kutali. Unayambira m'masukulu aukachenjede a ku Bologna, Paris ndi Oxford zaka zoposa 700 zapitazo. Ophunzira ambiri a nthaŵiyo anali anthu a mpingo, choncho ankavala ngati ansembe, ndipo mkanjo wautaliwo unali kuwatchinjiriza ku chisanu cha m'nyumba zamiyala. Mwambowu unafika kuno kudzera mwa Angerezi, ndipo Yunivesite ya Malaŵi, imene inayamba kuphunzitsa mu 1965, inautenga monga momwe unalili.

Munthu amene anaumirira kwambiri pa kavalidwe kotere anali mwana wa ku Kasungu konkuno, Dr Hastings Kamuzu Banda. Iye anayamba kuphunzira pansi pa mtengo wa kachere ku Mtunthama, nadzalandira digiri ku Chicago mu 1931 ndi ya udokotala ku Meharry mu 1937. Pobwera kumudzi mu 1958 anali m'suti yokhala ndi chikoti cham'kati ndi chipewa chakuda, ndipo kavalidwe kameneko sanakasiye. Mu 1981 anatsegula Kamuzu Academy pafupi ndi kachere uja. Ana okhoza bwino koposa ochokera m'boma lililonse ankaphunzira kumeneko Chilatini ndi Chigiriki, atavala majekete, matayi ndi zipewa zoluka monga ana a m'sukulu zotchuka za ku Mangalande. Mwana wa mlimi amene anakulira m'chigafa, akusoka fodya, anali kuonekera pamaso pa makolo ake m'zovala zimene agogo ake sanaziloteko.

Koma nkhani yaikulu ili pa zimene zinali m'kati mwa mkanjo. Mu 1973 boma linakhazikitsa lamulo la kavalidwe, loletsa akazi kuvala mathalauza kapena siketi yosaphimba maondo pagulu. Malamulo ena a nyengo yomweyo analetsa amuna kusunga tsitsi lalitali ndi kuvala mathalauza otambalala kumapazi. Motero kwa zaka makumi aŵiri mtsikana wokalandira digiri ku Zomba analibe zambiri zoti asankhe: diresi lalitali, kapena chilundu chosokedwa ndi telala kuchokera ku nsalu ya fakitale ya David Whitehead ya ku Blantyre. Mnyamata ankayamba wapita kokametetsa. Ena amakumbukira nyengoyo monga ya ulemu ndi mwambo. Ena amaikumbukira monga ya mantha, pamene munthu ankatha kugwidwa pamsewu chifukwa cha utali wa nsalu. Lamulolo linachotsedwa mu 1993, chaka chimene Amalaŵi anasankha ndale za zipani zambiri pa riferendamu ya pa 14 June.

Chichokereni apo, mphamvu yosankha inachoka kwa boma n'kufika pakhomo. Kaunjika atadzaza m'misika, suti inayamba kupezeka ngakhale kwa munthu wa ndalama zochepa. Atsikana ena amavala suti ya thalauza, ena amabwerera ku chitenje mwa kufuna kwawo, ndipo matelala amasokanso malaya a amuna ndi nsalu yomweyo. Mkanjo wokha ndiwo sunasinthe, ndipo kaŵirikaŵiri umakhala wobwereka ku sukulu, wobweza mwambo ukatha.

Ufulu umenewu wadza ndi katundu wake. M'mabanja ambiri a ku Kasungu, fizi imene inaphunzitsa mwana inachokera m'mabelo a fodya opita ku okushoni ya ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, ndipo chovala cha tsiku lalikululo chimachokera komweko. Mitengo ikagwa, kapena mabelo akabwezedwa, kholo limayesedwa kukatenga katapila kuti mwana asachite manyazi pakati pa anzake. Apa akulu anatichenjeza kale kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ngongole yotengera belo limene lisanagulidwe ingathe kudya feteleza wa chaka chamaŵa, ndi fizi ya mng'ono wake wa wophunzirayo.

Tsono inu makolo ndi inu ophunzira, kumbukirani kuti anamkungwi ankasankhira namwali, boma linasankhira amayi anu, koma inu mwasiyiridwa kusankha nokha. Funsani kaye malamulo a sukulu yanu, pakuti zina zimatchula mtundu wa zovala zofunika pa mwambowo. Kenaka khalani pansi monga banja, muŵerenge zimene zili m'thumba. Malaya ochapa bwino ndi kusita, kapena chitenje chosokedwa ndi telala wa pamsika wa kwanu, n'zokwanira kulemekeza thukuta la amene anakuphunzitsani.