Mtsempha wa mtima ukatsekeka: stent kapena bypass?

Mtima umapopa magazi usana ndi usiku. Kuti ugwire nchito imeneyi, nawonso umafuna magazi. Umawalandira kudzera m'mitsempha ing'onoing'ono imene ili pamwamba pake. Mafuta akaunjikana mkati mwa mitsemphayi, njira imacepa. Munthu amamva kupweteka pacifuwa akamayenda kapena kukwera citunda. Njira ikatsekekeratu, gawo la mtima limafa.

Mankhwala akalephera kuthandiza, madokotala ali ndi njira ziwiri.

Njira yoyamba: stent

Stent ndi kapaipi kakang'ono kolukidwa ndi waya. Dokotala amakalowetsa kudzera pamkono kapena m'mphecepece mwa nchafu mpaka kakafike pamalo othina. Pamenepo kamatanuka n'kutsegula njira. Sang'amba cifuwa ayi. Wodwala amatuluka m'cipatala patatha tsiku limodzi kapena awiri. Stent yoyamba ya mumtima inaikidwa ku France mu 1986.

Njira yaciwiri: bypass

Iyi ndi opaleshoni yaikulu. Dokotala amatsegula cifuwa, n'kutenga mtsempha wabwino wa pamwendo, pamkono kapena m'cifuwa momwemo. Amausokerera kuti magazi azilambalala malo otsekeka. Dokotala wa ku Argentina, René Favaloro, ndi amene anachukitsa njirayi kuyambira mu 1967. Wodwala amagona m'cipatala pafupifupi sabata imodzi, ndipo kucira kumatenga miyezi iwiri kapena itatu.

Nanga yabwino ndi iti?

Zimadalira wodwalayo. Ngati mtsempha watsekeka mwadzidzidzi, stent ndiyo imapulumutsa moyo cifukwa imaikidwa msanga. Imathandizanso ngati mtsempha wothina ndi umodzi.

Koma ngati mitsempha yothina ndi yambiri, ndipo munthuyo ali ndi matenda a shuga, bypass imaposa. Kafukufuku wochedwa FREEDOM, amene anatuluka mu 2012, anatsatira odwala otere okwana 1900. Patatha zaka 5, pa anthu 100 alionse a bypass anamwalira 11. Pa anthu 100 a stent anamwalira 16. Komabe matenda ofa ziwalo anagwira anthu 5 a bypass, pamene a stent anali 2 okha. Oikidwa stent ndi amenenso amabwerera kawirikawiri kuti akawatsegulenso.

Zoyenera kukumbukira

Njira zonsezi sizicotsa matenda. Wodwala ayenera kumwabe mankhwala, kusiya fodya, ndi kuyezetsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Woikidwa stent asasiye yekha mapiritsi oletsa magazi kuundana, cifukwa stent ingatsekeke.

M'dziko lathu, cithandizo cacikulu ca mtima cimapezeka ku Maputo, monga ku Instituto do Coração. Kucokera ku Tete kapena ku Niassa, ulendowo ndi wautali. Conco mukamva kupweteka pacifuwa, musadikire. Pitani kucipatala capafupi. Mukauzidwa za opaleshoni, funsani kuti: "Mitsempha yanga yothina ndi ingati? Nanga shuga ndili naye?"