Mwazi Umaulula Zotsala

Ife alimi tidziwa kuti muzu wa udzu ukatsala pansi, mvula ikagwa umaphukanso. Khansa ya m'matumbo imacita cimodzimodzi. Dotolo amang'amba mimba nadula cotupa. Koma nthawi zina tizidutswa ta nthendayo timatsala, tosaoneka ndi maso, ngakhale ndi makina ojambula m'thupi.

Pali mankhwala amphamvu opha zotsalazo. Koma amafooketsa munthu, amamsanzitsa, ena amacititsa dzanzi m'manja ndi m'mapazi. Nanga apatsidwe ndani? Madotolo ankayang'ana cotupa cimene adula, n'kuyerekeza. Ambiri anavutika ndi mankhwala pamene mpeni unali utawaciritsa kale.

M'caka ca 1965, ku Montreal m'dziko la Canada, Phil Gold ndi Samuel Freedman anapeza cinthu cimene zotupa za m'matumbo zimatulutsa. Anacicha CEA. Mpaka lero acipima m'mwazi. Koma CEA ndi mboni yosadalirika. Imakwera ngakhale mwa wosuta fodya wopanda khansa, ndipo mwa odwala ena siikwera konse.

Njira yatsopano ifanana ndi kuwerenga. M'thupi mwathu muli malembo ochedwa DNA, olembedwa ndi zilembo 4 zokha. Mu cotupa ca khansa, zilembo zina n'zolakwika, ndipo tizidutswa ta malembowo timagwera m'mwazi. Mandel ndi Métais a ku France anaona kale mu 1948 kuti m'mwazi mumayandama zotere, koma zida zowerengera zinacedwa kubwera.

Mu 2016, Jeanne Tie ndi anzace a ku Melbourne, ku Australia, analengeza zimene anapeza mwa odwala amene khansa yao inadulidwa isanafalikire, ndipo sanalandire mankhwala aja. Odwala 14 anapezeka ndi zilembo zolakwika m'mwazi: nthenda inabwerera mwa 11. Odwala 164 sanapezeke nazo: inabwerera mwa 16.

Tsono anayesa odwala 455, nawagawa pawiri. Zotsatira zinatuluka mu 2022. M'gulu limene madotolo anatsata njira yakale, odwala 28 mwa 100 alionse analandira mankhwala. M'gulu limene anatsata mwazi, 15 okha. Patapita zaka 2, oposa 92 mwa 100 anali opanda nthenda m'magulu onse awiri.

Koma tisaiwale anthu 16 aja. Mwazi wao sunaulule kanthu, nthenda n'kubwerabe. N'cifukwa cace amene wapezeka wopanda zotsala amabwererabe kucipatala kukapimidwa kwa zaka zingapo.