Msonkho wa Mlimi ndi Malipiro a Anchito a Boma

Pali mau amene akumveka kawiri-kawiri pa msika wa Kapata, m'mabasi a ku Lundazi ndi ku Chadiza, ngakhale pa maliro pomwe, akuti anchito a Boma akudya thukuta la anthu osauka. Onena mauwa ndiwo alimi, amai ogulitsa m'misika ndi anyamata onyamula anthu pa njinga. Ndipo akachula anchito a Boma, ife aphunzitsi ndife oyamba, popeza ndife amene amationa tsiku ndi tsiku m'midzi mwao. Mlandu umenewu suli wa dzulo ai. Unabadwa pamodzi ndi msonkho umene, ndipo tisanauweruze kuyenera kuti tione kumene unacokera.

Angoni a Mpezeni anagonjetsedwa mu January 1898, Nsingo anaphedwa, ndipo ng'ombe zikwi-zikwi zinalandidwa. Caka cotsatira Fort Jameson anasanduka likulu la North-Eastern Rhodesia, ndipo Robert Codrington ndiye anali kuweruza m'dzina la British South Africa Company. Pofika 1901 nyumba iri yonse inali kuitanidwa masheleni 3 pa caka. Makolo athu analibe masheleni. Cuma cao cinali ng'ombe, makasu ndi nkhokwe. Kuti munthu apeze ndarama ya msonkho anayenera kusenza mtengatenga, kapena kulima m'minda ya Azungu amene anakhala pa dziko la North Charterland, kapena kuoloka Zambezi wa pansi kunka ku Salisbury ndi ku migodi ya kumwera. Ambiri a iwo sanabwererenso, ndiwo amene tiwacha machona.

Tsono ndarama zimene zinapezeka ndi mabvuto otere zinapita kuti? Zinalipira mabwana a pa Boma, nyumba zao, maulendo ao okapuma ku England, ndi amesinjala omwe aja amene anali kudzamanga wolephera kukhoma. Munthu anali kulipira cingwe commangira iye mwini. Kuno kum'mawa Kampani sinamange sukulu ngakhale imodzi ya ana a anthu akuda. Ku Barotseland kokha ndiko gawo la msonkho linali kusungidwa pa lokha, ndipo ndi ndarama zimenezo anatsegula Barotse National School mu 1907. Kwathu kuno sukulu zinali za amishoni. A Dutch Reformed Church anafika pa Magwero mu 1899 ndi pa Madzimoyo mu 1903, ndipo mphunzitsi wa m'mudzi, amene analinso mlaliki, anali kulandira kangacepe kocokera ku zopereka za mpingo, nalima munda wace monga munthu ali yense. Cotero pa zaka zoyambazo wokhoma msonkho akadanena kuti anchito a Boma akumdyera, akadanena zoona. Koma mphunzitsi sanali m'gulu limenelo.

Zinthu zinayamba kusintha Kampani itasiya ulamuliro mu 1924. Mu 1925 G. C. Latham anaikidwa kuyang'anira maphunziro a anthu akuda, ndipo Boma linayamba kupatsa amishoni thandizo la malipiro a aphunzitsi okhala ndi setifiketi. Kuyambira 1936 mafumu analoledwa kusunga matumba a ndarama, m'mene munali kulowa gawo la msonkho lolipira makalaliki ndi akapaso. Komabe anchito a Boma anali m'makola awiri, la Azungu ndi la anthu akuda, ndipo malipiro a makola awiriwa anatalikirana monga phiri ndi dambo. Kuti msonkho unali kuwawa tidziwa ndi zimene zinacitika ku migodi mu May 1935: atamva kuti msonkho wa okhala m'matauni wakwera, anchito analeka nchito, ndipo anthu 6 anaomberedwa nafa pa Luanshya.

Nthawi imene ifunika kuiyang'anitsitsa ndiyo ya ufulu, pakuti mpamene mlandu uja unatembenukira kwa ife eni dziko. Mu 1964 Zambia yense anali ndi anthu akuda otsiriza maphunziro a ku yunivesite ngati 100 cabe. Ophunzira owerengekawo analowa pa mipando ya Azungu, ndipo kunali kosatheka kuwauza kuti alandire zocepa pa nchito imodzi-modzi, popeza tsankho limenelo ndilo anali kulimbana nalo. Cifukwa cace analandira malipiro a Mzungu, nyumba ya Mzungu, ndi galimoto lomwe. Koma malipiro amenewo sanapimidwe poyang'ana cuma ca Zambia. Anapimidwa kuti akope munthu kusiya kwao ku England. Mu 1966 bungwe la Brown linakweza malipiro a anchito akuda a m'migodi ndi magawo 22 mwa 100, ndipo posacedwa anchito a Boma ndi ena onse a m'matauni anafuna zomwezo. Mu 1969 katswiri wa ku Cambridge, H. A. Turner, analemba cenjezo lakuti malipiro a m'matauni ali kuthamanga pamene mlimi waima pamodzi-modzi, ndi kuti mlimi ali kugulitsa matumba oculuka kuti agule bulangeti lomwe lija. Ine ndiganiza kuti Turner ananena zoona, ngakhale mau ace sakoma m'makutu a ife olandira pa mwezi. Mlimi wa nshawa wa ku Katete analibe bungwe lomlankhulira, ndipo mtengo wa mbeu zace unali kuikidwa ku Lusaka ndi anthu a malipiro omwewo.

Madyererowo sanakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndipo pa zaka zotsatira kukwera kwa mitengo kunadya malipiro monga ciswe cidya nsici. Aphunzitsi okalamba atiuza kuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 malipiro a mwezi anali kutha mlungu usanathe. Ena anagulitsa zitumbuwa pa sukulu, ndipo ambiri a ku sekondale anathawira ku Botswana. Amene anena kuti wanchito wa Boma wakhala wonenepa nthawi zonse, zaka zimenezo waziiwala.

Cimene cinacitika mu 2004 ndico ciphunzitsa kopambana. Pofuna kuti Zambia akhululukidwe ngongole zace, Boma la Levy Mwanawasa linabvomerezana ndi a IMF kuti malipiro onse a anchito ace asapitirire magawo 8 mwa 100 a cuma cimene dziko lipanga pa caka. Nduna ya za cuma, Ng'andu Magande, inaimitsa kukweza malipiro niwonjeza msonkho wa olandira zambiri, ndipo mu February anchito anacita sitalaka dziko lonse. Koma amene anasenza katundu wolemera sanali okhala kale pa nchito ai. Anali aphunzitsi pafupi-fupi 9,000 amene anatsiriza maphunziro ao nakhala pakhomo, pamene sukulu za m'midzi zinali kusowa aphunzitsi. Ndarama za wokhoma msonkho zinasungikadi, ndipo ngongole inakhululukidwa mu 2005; koma mwana wa wokhoma msonkho yemweyo anakhala pansi pa mtengo wopanda womphunzitsa. Pofupikitsa thumba la malipiro sanayambire kumwamba kumene kuli mafuta, anangotseka khomo lolowera ang'ono.

Mu September 2013 Boma la Michael Sata linakweza malipiro kwambiri, maka-maka a anchito apansi. Mwezi wotsatira Alexander Chikwanda, powerenga bajeti, anaonetsa kuti malipiro adzadya koposa theka la ndarama zimene Boma lisonkhetsa m'dziko muno, naimitsa kukweza malipiro kwa zaka ziwiri. Apa mlimi ali ndi mlandu weni-weni, ndipo tisamtsutse. Ngati pa kwaca iri yonse ya msonkho ngwee zoposa 50 zipita ku malipiro, ndi zina ku ngongole, cotsalira mankhwala a m'cipatala, mabuku ndi miseu ya m'midzi ncocepa ndithu. Asanene munthu kuti mlimi sakhoma msonkho cifukwa alibe pepala la malipiro. Pogula malata kapena njinga alipira VAT ya magawo 16 mwa 100, msonkho umene unayamba mu 1995.

Komabe kukula kwa thumba lonse ndi kukula kwa malipiro a munthu mmodzi ziri zinthu ziwiri. Thumba likula cifukwa aphunzitsi ndi anamwino ali oculuka, ndipo aculuka cifukwa ana ndi odwala ali oculuka. Maphunziro aulere atayamba mu January 2022, ana anadzaza zipinda kufikira pa khomo, ndipo caka comweco Boma la Hakainde Hichilema linalemba aphunzitsi 30,496 nthawi imodzi. Thumba linakula, koma palibe mphunzitsi amene analemera nalo. Kumene mlimi ayenera kuloza cala ndiko ku ndarama zosaoneka pa pepala la malipiro: maalawansi a misonkhano ya m'mahotela, maulendo, ndi magalimoto akulu-akulu amene amatipitirira ndi pfumbi pa mseu wa ku Mfuwe. Zimenezi sizifika kwa mphunzitsi wa Giredi 1.

Mu 2022 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Emoluments Commission, bungwe loti lilinganize malipiro a onse olipidwa ndi Boma. Pempho limene bungwe lathu la aphunzitsi lingatumize kumeneko ndi lakuti asindikize poyera zimene mpando uli wonse ulandira, malipiro pamodzi ndi maalawansi, kuyambira wosesa kufikira mlembi wamkulu wa unduna, ndipo pambali pace alembe kuti ndaramazo zilingana ndi matumba angati a cimanga pa mtengo umene a Food Reserve Agency agulira mlimi caka cimeneco.